Texas, California kapena Florida: mpira wa m'sukulu za sekondale tiziuyeza ndi chiyani?

Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, pamene sukulu za sekondale za ku United States zikutsegulira, mkangano umodzi wakale umabukanso pakati pa okonda mpira wachimereka, uja wosongoka mbali zonse ziwiri umene osewera ovala zipewa zolimba amaunyamula m'manja, kuuponya ndi kugwetserana pansi. Funso lake ndi lakuti, mwa zigawo 50 za dzikolo, ndi chigawo chiti chimene ana asukulu amasewera mpira wapamwamba kuposa kwina konse. Anthu a ku Texas amaona ngati funsoli ndi lopanda ulemu, chifukwa kwa iwo yankho lake linadziwika kalekale. A ku California amaloza matimu awo awiri kapena atatu amene amagonjetsa aliyense amene wawaputa, a ku Florida amawerenga anyamata awo amene anafika mu ligi yaikulu ya NFL, pomwe a ku Louisiana ndi Mississippi amati tiyambe tagawa chiwerengero cha akatswiri ndi chiwerengero cha anthu okhala m'chigawo, kenako tilankhulane.

Onsewa ali ndi umboni, ndipo mkanganowu sutha chifukwa aliyense amabwera ndi muyeso umene ukukomera kwawo. Ine ndikuti chigawo chiziyezedwa ndi sukulu yake wamba, ija ya boma imene imatenga ana a m'dera lake lokha ndipo sionekapo pa kanema wa dziko lonse, osati ndi sukulu yake yotchuka kwambiri. Tikayeza motero, Texas ndiye ali patsogolo, Georgia akumutsatira pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo California amatsika kwambiri pamndandanda ngakhale kuti matimu ake apamwamba angathe kugonjetsa timu iliyonse ya ku Texas.

Chimene chimachititsa kuti nkhaniyi ikhale yovuta n'chakuti ku America kulibe mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa m'sukulu za sekondale. Chigawo chilichonse chili ndi bungwe lake loyendetsa masewera, malamulo ake, magulu ake ogawira sukulu potengera kuchuluka kwa ophunzira, ndiponso zikho zake. Amene amatchedwa akatswiri a dziko lonse amasankhidwa ndi atolankhani kapena ndi makompyuta: nyuzipepala ya USA Today inayamba kutulutsa mndandanda wa matimu 25 apamwamba mu 1982, ndipo masiku ano tsamba la pa intaneti la MaxPreps ndi ena amachitanso chimodzimodzi. Masewera a pakati pa sukulu za zigawo zosiyana alipo ndithu, koma ndi ochepa, amachitika kumayambiriro kwa nyengo ya mpira matimu asanakhazikike, ndipo amene amapita kukasewera kutali ndi sukulu zokhazo zimene zili ndi ndalama zaulendo kapena zimene makampani a kanema aziitana. Kuchokera pa masewera owerengeka otere, anthu amafuna kugamula za sukulu masauzande ambiri.

Tiyeni tione kaye masewera amene a ku California amanyadira, chifukwa si opepuka. Mu Ogasiti 2021 sukulu ya Mater Dei ya ku Santa Ana inapita ku Texas kukasewera ndi Duncanville pabwalo la eni ake, ndipo inapambana ndi mapointi 45 kwa 3. Duncanville sinali timu yofooka, pakuti chaka chomwecho inafika m'ndime yotsiriza ya mpikisano wa sukulu zikuluzikulu za ku Texas, ndipo mu 2022 ndi 2023 inatenga chikhocho. Mu 2022 St. John Bosco ya ku Bellflower inapita ku Allen, mzinda umene ambiri amautenga ngati likulu la mpira wa m'sukulu ku Texas, n'kukagonjetsa eni bwalo 52 kwa 14. Palibe munthu woona mtima amene angaone zigoli zimenezi n'kunena kuti zinangochitika mwangozi. Matimu awiri a ku California amenewa anali akulu msinkhu, amphamvu ndiponso okonzeka kuposa anzawo, ndipo akanakumananso sabata yotsatira zotsatira zake sizikanasiyana kwenikweni.

Komabe tiyenera kufunsa kuti Mater Dei ndi St. John Bosco ndi sukulu zotani. Zonse ziwiri ndi za mpingo wa Katolika, zolipiritsa fizi, ndipo zilibe malire a dera limene zingatengeko ophunzira. Mnyamata waluso wochokera kulikonse m'chigawo chachikulu cha Los Angeles ndi madera ozungulira, kumene kumakhala anthu oposa 15 miliyoni, angathe kulembetsa kumeneko, ndipo ambiri amasamukirako ataonetsa kale luso lawo kusukulu zina. Bryce Young, amene anapambana mphoto ya Heisman ya wosewera wopambana m'mayunivesite mu 2021, anadzera ku Mater Dei, monganso John Huarte ndi Matt Leinart amene anailandira iye asanatero, koma Young anayambira sekondale yake kusukulu ina ya mu Los Angeles. Kuyambira 2016 mpaka 2024, chikho chilichonse chimene chinalimbiranidwa m'gulu lapamwamba la kummwera kwa California chinapita ku imodzi mwa sukulu ziwirizi. Duncanville ndi Allen ndi sukulu za boma, ndipo bungwe la UIL, limene limayendetsa masewera a sukulu za boma ku Texas, limafuna kuti wosewera azikhala m'dera la sukulu yake, komanso limamuletsa kusewera m'timu yaikulu kwa chaka chathunthu likapeza kuti wasamuka chifukwa cha mpira. Sukulu zambiri zomwe si za boma ku Texas zili ndi mipikisano yawoyawo. Choncho masewera a mu 2021 ndi 2022 aja anaonetsa kuti timu yosankhidwa mwa anthu mamiliyoni ambiri imaposa timu ya tawuni imodzi, zimene aliyense ankadziwa kale. Mlimi wanzeru sayeza zokolola za munda wonse poona chimanga cha pachulu.

A ku California eni ake anaona kale kuipa kwa kayezedwe kotere pamene kanawatembenukira. Sukulu ya De La Salle ya ku Concord, pansi pa mphunzitsi Bob Ladouceur, inapambana masewera 151 otsatizana kuyambira 1992 mpaka 2004, mbiri imene palibe anaifikapo. Amene anaithetsa ndi Bellevue, sukulu ya boma ya ku Washington, imene inapambana 39 kwa 20 mu Sepitembala 2004. Palibe amene anadzuka m'mawa mwake n'kulengeza kuti mpira wa ku Washington waposa wa ku California, ndipo akanatero anthu akanamuseka.

Ku Florida kuli chitsanzo china chopitirira apa. IMG Academy ya ku Bradenton, imene inayamba timu ya mpirawu mu 2013, ndi sukulu yogonera komweko imene cholinga chake chenicheni ndi kukonza akatswiri a masewera, ndipo mu 2023 inagulitsidwa pa mtengo wa madola 1.25 biliyoni. Osewera ake amachokera m'zigawo zosiyanasiyana ngakhalenso kunja kwa dziko, timu yake yaikulu silimbirana chikho cha Florida, koma mnyamata wa ku New Jersey kapena ku Ohio akamaliza kumeneko mindandanda yambiri imamuwerengera ku Florida. Bishop Gorman ya ku Las Vegas inatchedwa katswiri wa dziko lonse zaka zitatu zotsatizana, 2014 mpaka 2016, koma sindinamvepo wina akuika Nevada pakati pa zigawo zapamwamba. Ndipo njala ya makampani a kanema yofuna masewera a matimu otchuka inafika pochititsa manyazi mu Ogasiti 2021, pamene kampani ya kanema wa zamasewera ya ESPN inaulutsa masewera a IMG ndi timu yotchedwa Bishop Sycamore ku Canton, ku Ohio. IMG inapambana 58 kwa 0, ndipo akuluakulu a zamaphunziro ku Ohio atafufuza anapeza kuti Bishop Sycamore sinali kugwira ntchito ngati sukulu yeniyeni. Ngati njira yosankhira matimu oonetsedwa kwa dziko lonse inalephera kusiyanitsa sukulu ndi chinthu chomwe si sukulu, sitingaidalire kuti itiuze chigawo chopambana.

Muyeso wa a ku Louisiana ndi Mississippi ndi wolemekezeka kuposa pamenepa, ndipo ndimaumvera chisoni chifukwa nthawi zambiri umaponderezedwa ndi phokoso la zigawo zikuluzikulu. Texas ali ndi anthu pafupifupi 30 miliyoni, California 39 miliyoni, Florida oposa 22 miliyoni, motero n'zosadabwitsa kuti zigawo zitatuzi, pamodzi ndi Georgia, ndizo zimatsogola pa chiwerengero cha osewera a mu NFL. Koma tikagawa ndi kuchuluka kwa anthu, Louisiana wa anthu 4.6 miliyoni ndi Mississippi wa anthu osakwana 3 miliyoni amakwera pamwamba, limodzi ndi Georgia ndi Alabama. Mississippi yekha anatulutsa Walter Payton wa ku Columbia, Jerry Rice wa ku Crawford ndi Brett Favre wa ku Kiln, matawuni aang'ono amene anthu ambiri a ku America sangawaloze pamapu. Sukulu imodzi yaing'ono ya ku New Orleans, Isidore Newman, inaphunzitsa Peyton Manning, Eli Manning ndi Odell Beckham Jr. Chigawo chotere sichinganyozedwe ndi aliyense.

Vuto lake n'lakuti chiwerengero cha akatswiri a mu NFL chimayeza chinthu china, osati ubwino wa mpira umene ukuseweredwa m'sukulu Lachisanu usiku. NFL imasankha anthu ochepa kwambiri amene anabadwa ndi msinkhu, liwiro ndi mphamvu zosowa, ndipo mnyamata wotere angathe kutulukira m'timu yophunzitsidwa moperewera, momwe anzake khumi sadziwa n'komwe pofunika kuima. Derrick Henry anathamanga ndi mpira mayadi 12,124 ali ku sekondale ya Yulee ku Florida, n'kuphwanya mbiri imene Ken Hall wa ku Sugar Land, ku Texas, anaisunga kuyambira 1953, koma Yulee sinatenge chikho cha chigawo m'zaka zonsezo. Mindandanda ya makampani amene amapatsa anyamata nyenyezi, monga 247Sports ndi Rivals, nayonso ili ndi chilema chake, pakuti ofufuza luso amapita kumene anazolowera kupita ndiponso kumene kuli misasa yoonetsera osewera. Josh Allen, yemwe anakulira pafamu ku Firebaugh, ku California, anamaliza sekondale popanda yunivesite yaikulu iliyonse yomufuna, ndipo anadzera ku koleji yaing'ono ya Reedley asanapite ku Wyoming. Patrick Mahomes wa ku Whitehouse, ku Texas, anapatsidwa nyenyezi zitatu zokha mwa zisanu. Anyamata oposa 1 miliyoni amasewera mpirawu m'sukulu za sekondale m'dziko lonselo, ndipo amene amapitiriza m'mipikisano ya mayunivesite ya NCAA sakwana mmodzi mwa khumi alionse. Muyeso umene ukungoona ochepa a pamwamba penipeni sukutiuza kanthu za otsalawo, omwe ndiwo amasewera masewera ambiri.

Chigawo chimene chimandivuta kwambiri kuchiika pansi pa Texas ndi Florida, chifukwa umboni wake sudalira sukulu zolipira zokha. Pa 15 Sepitembala 2007 Miami Northwestern, sukulu ya boma ya m'dera losauka la Liberty City, inapita ku Dallas kukakumana ndi Southlake Carroll, imene inali itapambana masewera 49 otsatizana, ndipo inaigonjetsa 29 kwa 21 pamaso pa anthu oposa 30,000. Apa panalibe chowiringula, chifukwa zonse ziwiri zinali sukulu za boma, ndipo ya ku Texas ndiyo inali ya ana a anthu olemera. Kumpoto kwa Miami, m'mphepete mwa nyanja ya Okeechobee, kuli matawuni awiri a minda ya nzimbe, Belle Glade ndi Pahokee, amene atulutsa osewera a mu NFL ambiri modabwitsa, kuphatikizapo Fred Taylor, Anquan Boldin, Rickey Jackson ndi Santonio Holmes. Anthu a kumeneko amasimba kuti liwiro la ana awo limachokera pothamangitsa akalulu amene amathawa minda ikamawotchedwa nyengo yodula nzimbe. Kaya akalulu ndi amene amachititsa kapena ayi, liwirolo ndi lenileni, ndipo pa luso lobadwa nalo sindikhulupirira kuti pali dera m'dziko la America loposa kummwera kwa Florida.

Chimene Florida akusowa ndi dongosolo losamalira lusolo. Aphunzitsi a mpira m'sukulu zambiri za boma kumeneko amalandira kandalama kochepa kowonjezera pa malipiro, madola masauzande owerengeka pa chaka, ndipo kwa zaka zambiri aluso mwa iwo akhala akuwoloka malire kupita ku Georgia ndi Alabama kumene ntchito yomweyo imalipidwa bwino. Lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2016 linapatsa ophunzira ufulu wosankha sukulu ya boma iliyonse yomwe ili ndi malo n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo, ndipo zotsatira zake n'zakuti osewera abwino amaunjikana m'matimu ochepa pamene sukulu zoyandikana nazo zimatsala zopanda kanthu. Nkhani ya Teddy Bridgewater ikuonetsa bwino mmene zinthu zilili. Iye atasewera zaka zambiri mu NFL anabwerera ku Miami Northwestern, sukulu imene anaphunzirako, n'kuitsogolera kutenga chikho cha chigawo mu 2024, koma chaka chotsatira anaimitsidwa ntchito chifukwa ankalipirira osewera ake mayendedwe ndi zakudya ndi ndalama za m'thumba mwake. Malamulo anaphwanyidwa, inde, koma funso lalikulu n'lakuti zinatheka bwanji kuti timu yotenga chikho ifike podalira thumba la mphunzitsi wake kuti anyamata adye ndi kufika kwawo.

Ku Texas zinthu zimenezi n'zimene zinakonzedwa bwino, ndipo zinakonzedwa m'sukulu pafupifupi zonse, osati m'zochepa. Bungwe la UIL linayambitsidwa ndi yunivesite ya Texas ku Austin mu 1910, ndipo lero sukulu zake zoposa 1,000 zimasewera mpirawu, ndi anyamata oposa 150,000, pamene California, yemwe ali ndi anthu ambiri kuposa Texas, m'zaka zaposachedwapa wakhala ndi osewera osakwana 100,000. Lamulo la UIL limafuna kuti mphunzitsi wa timu akhale wolembedwa ntchito mokhazikika ndi akuluakulu oyang'anira sukulu m'deralo, kutanthauza kuti amakhala pasukulupo tsiku lonse, ambiri amaphunzitsanso m'kalasi, ndipo si munthu wongobwera madzulo akaweruka kuntchito ina monga zimakhalira m'sukulu zambiri za ku California. Masewera ali ndi piriyodi yakeyake pa ndandanda ya maphunziro a tsiku, chaka chonse, motero anyamata amanyamula zitsulo ndi kuphunzira kaseweredwe ngakhale nyengo ya mpikisano itatha. M'madera ambiri mphunzitsi wamkulu wa ku sekondale amayang'aniranso matimu a sukulu zing'onozing'ono zimene zimatumiza ana kwa iye, kotero kuti mwana amayamba kuphunzira kaseweredwe ka timuyo ali mu giredi 7, ndipo pofika m'timu yaikulu amakhala atakachita kwa zaka zinayi. Texas amatsatiranso malamulo a mpira wa m'mayunivesite, osati amene zigawo zina zimagwiritsa ntchito m'sekondale. Zonsezi sizipanga mnyamata wamtali kapena waliwiro, koma zimapanga timu ya anyamata wamba imene imadziwa chimene ikuchita, ndipo chimenecho n'chimene ine ndimatcha mpira wabwino.

Mpikisano wake nawonso umafinya. Timu ya sukulu yaikulu imasewera masewera khumi a mu ligi ndi okonzekera, kenako ndime zisanu ndi imodzi za chipulula, kotero kuti wotenga chikho amakhala atasewera masewera 16, imodzi yokha kuchepera pa imene timu ya mu NFL imasewera isanalowe m'ndime zake zotsiriza. Masewera otsiriza 12, awiri m'gulu lililonse kuyambira 1A mpaka 6A, amachitikira pa AT&T Stadium ku Arlington, bwalo la timu ya mu NFL ya Dallas Cowboys, ndipo mu Disembala 2013 anthu 54,347 anaonera Allen ikusewera ndi Pearland. Chimene ndimachiona chofunika kuposa chiwerengero chimenechi n'chakuti bwalo lomwelo limalandiranso timasukulu ta m'midzi ya kumadzulo kwa Texas, tokhala ndi ophunzira osakwana 105, timene timasewera mpira wa anthu asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, mtundu umene Stephen Epler anauyambitsa ku Nebraska mu 1934 pofuna kuthandiza sukulu zopanda ana okwanira. Chigawo chimene chimasamalira mpira mpaka kutsika pamenepo n'chimene chili ndi mizu yakuya.

Wina adzanena kuti ndasokoneza ndalama ndi luso, ndipo chenjezo limeneli ndi loyenera. Bwalo la Allen linatsegulidwa mu 2012 litadya madola pafupifupi 60 miliyoni, lili ndi mipando 18,000, ndipo pasanathe zaka ziwiri linatsekedwa kwa nyengo yathunthu chifukwa konkire yake inang'aluka. Katy ndi McKinney anatsatira ndi mabwalo a madola pafupifupi 70 miliyoni lililonse. Ndalama zimenezi anthu a m'maderawo anazivomereza okha pa voti, koma zimenezo sizichotsa funso lakuti kodi bwalo la sukulu liyeneradi kudya chuma chotere. Ndiponso Texas sali woyera pa nkhani younjika osewera: Allen anasankha kukhala ndi sekondale imodzi yokha ya ophunzira oposa 6,000 m'malo momanga yachiwiri, ndipo mabanja amene ali ndi mwana waluso amadziwa kugula kapena kuchita lendi nyumba m'dera la timu yabwino. Kyler Murray, amene sanagonjepo monga quarterback wamkulu wa Allen, uja wosewera amene amatsogolera timu ndi kuponya mpira, ndipo anatenga zikho zitatu kuyambira 2012 mpaka 2014, ankasewera m'timu yosankhidwa mwa anyamata masauzande. Chikondi cha mpira chinafika poipa m'zaka za m'ma 1980, mpaka mu 1984 nyumba ya malamulo ya chigawocho, potsatira komiti imene wamalonda Ross Perot ankatsogolera, inalamula kuti wophunzira wolephera phunziro lililonse asasewere. Zonsezi ndikuzivomereza, koma mfundo yanga sinatsamire pa mabwalo. Bwalo la mipando 18,000 silinaletse St. John Bosco kugoletsa mapointi 52. Chimene chimakweza Texas ndi mphunzitsi wolipidwa bwino amene ali pasukulu yopanda dzina, ndipo iyeyo amapezeka ngakhale kumene kulibe bwalo lodzitamandira nalo.

Zigawo za kumpoto ndizidutsa mofulumira, ngakhale kuti mbiri yake ndi yaitali kuposa ya onse. Massillon ndi Canton McKinley ku Ohio akhala akulimbana kuyambira 1894, Paul Brown anaphunzitsa Massillon kuyambira 1932 mpaka 1940 asanasinthe mpira wa akatswiri, ndipo tawuniyo inadikira mpaka 2023 kuti itenge chikho chake choyamba cha pabwalo chiyambire mpikisano wa chipulula mu 1972, pogonjetsa Hoban ya ku Akron 7 kwa 2. Kumadzulo kwa Pennsylvania kunachokera Johnny Unitas, Joe Namath, Joe Montana, Dan Marino ndi Jim Kelly, ndipo Aliquippa, tawuni imene inatsala ndi anthu pafupifupi 9,000 fakitale yazitsulo itatsekedwa, inaphunzitsa Mike Ditka, Ty Law ndi Darrelle Revis, ndipo mpaka lero imagonjetsa sukulu zoiposa kukula kangapo. Aphunzitsi a ku Ohio ndi aluso ngati a kwina kulikonse, moti pa muyeso wanga wa sukulu wamba Ohio ndimamuika pamwamba pa California. Koma anthu anasamukira kummwera mafakitale atagwa, chisanu chimatsekera ana m'nyumba miyezi ingapo, ndipo zigawo zambiri za kumpoto sizilola zokonzekera zogundana m'miyezi ya Epulo ndi Meyi monga zimachitikira kummwera. Kusiyana kwa masabata amenewo, kukaunjikana zaka zinayi, kumaoneka pabwalo.

Georgia ndiye amene mkanganowu umamuiwala kawirikawiri, pomwe ndi yekhayo amene amakhoza bwino pa miyeso yonse. Ali ndi anthu pafupifupi 11 miliyoni okha, koma amapezeka pakati pa zigawo zinayi zotsogola pa chiwerengero cha osewera a mu NFL, ndipo akagawa ndi kuchuluka kwa anthu sachoka pamwamba. Matimu ake amphamvu kwambiri ndi a sukulu za boma, monga Buford, Grayson, Colquitt County ndi Valdosta, imene yapambana masewera oposa 900, kuposa sekondale ina iliyonse m'dzikolo. Cam Newton, Deshaun Watson, Trevor Lawrence ndi Justin Fields onse anaphunzira m'sekondale za boma za ku Georgia, aliyense tawuni yake, osati m'sukulu imodzi yosonkhanitsa akatswiri. Aphunzitsi amalipidwa bwino, matawuni a kummwera kwa chigawocho amakonda mpira ngati a ku Texas, ndipo mzinda wa Atlanta ukukulirakulira. Tikanati titenge sukulu ya nambala 50 ya ku Georgia n'kuikumanitsa ndi ya nambala 50 ya ku Texas, ndikanayembekezera kuti Texas apambana chifukwa chongokhala ndi sukulu zambiri zosankhamo, koma tikanatenga sukulu ya pakatikati penipeni m'gulu la zikuluzikulu mbali zonse ziwiri, sindikanabetcherapo ndalama yanga.

Mndandanda wanga, tsono, ndi Texas, Georgia, Florida, kenako Ohio ndi Louisiana, California n'kubwera pambuyo pawo, ngakhale kuti ndikudziwa kuti timu yopambana m'dziko lonse chaka chamawa mwina idzachokeranso ku Santa Ana kapena ku Bellflower. Ndipo malo a Texas si otsimikizika mpaka kalekale, chifukwa zinthu zimene zinasokoneza sukulu wamba ku California ndi ku Florida zayamba kufika kumeneko. Mu 2021 Quinn Ewers, amene ankatengedwa ngati quarterback wopambana wa msinkhu wake m'dziko lonse, anasiya chaka chake chomaliza ku Southlake Carroll n'kupita msanga ku yunivesite ya Ohio State, chifukwa lamulo la Texas silinkalola wophunzira wa sekondale kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina lake, pomwe California ankalola kale. Mu Meyi 2025 bwanamkubwa Greg Abbott anasainira lamulo lopatula madola 1 biliyoni oti makolo azilipirira ana awo fizi m'sukulu zomwe si za boma. Ngati ndalama zimenezo zithandize sukulu zolipira za ku Dallas ndi Houston kusonkhanitsa osewera monga zimachitira Mater Dei ndi St. John Bosco, Texas adzayamba kupambana masewera a pa kanema a mu Ogasiti amene lero akugonja, ndipo pa muyeso wanga adzakhala atatsika pansi pa Georgia.